Lembani za Kwathu, Koma Musagulitse Chinsinsi cha Mnansi

Owerenga tsamba lino munazolowera kuti mwezi ndi mwezi timakambirana za mchere wa m'ndiwo, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi madzi akumwa. Mwezi uno ndapatuka pang'ono. Ndikufuna tikambe za mpikisano wolemba nkhani zazifupi zopeka, chifukwa achinyamata angapo a kuno ku Kanjedza, ena a ku Bangwe ndi ku Chiwembe, ayamba kufunsa momwe angalowere, ndipo makolo awo akufunsanso ngati zimenezi n'zoyenera mwana wa mumpingo. Yankho langa ndi lakuti alowe ndithu. Koma pali chinthu chimodzi chimene ife oyendera odwala timachidziwa bwino: nkhani zogwira mtima za m'makwalala mwathu muno zili ndi eni ake, ndipo ambiri mwa eni akewo ndi anthu odwala, ofedwa, kapena amene akubisa manyazi. Wolemba akapanda kusamala, amapata mphoto pogulitsa chinsinsi cha mnansi wake.

Tiyambe ndi mpikisanowo. Umene achinyamata ambiri akuutchula ndi wa Commonwealth Short Story Prize, umene unayamba mu 2012. Mayiko a Commonwealth, amene Malawi analowamo mu 1964, anawagawa m'zigawo zisanu, ndipo Africa ndi chigawo pachokha. Wolemba wa ku Ndirande amapikisana kaye ndi anzake a ku Zambia, Kenya, Nigeria, Mozambique ndi mayiko ena a muno mu Africa. Wopambana pa chigawo amalandira ndalama za ku Britain zokwana mapaundi 2,500, ndipo mwa asanu opambanawo amasankhapo mmodzi amene amalandira mapaundi 5,000. Kulowa n'kwaulere. Munthu ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, atumize nkhani imodzi yokha, ya mawu 2,000 mpaka 5,000, imene sinasindikizidwepo kwina kulikonse. Amatsegula pa 1 Seputembala n'kutseka pa 1 Novembala, ndipo nkhani imatumizidwa pa intaneti. Malamulo ena amasintha pang'ono chaka ndi chaka, choncho muziwawerenga nokha pa tsamba lawo musanatumize. Safunsa anadya phula.

Ena akamva mayina a Chingerezi otere amaganiza kuti izi n'za ana a kusukulu zolipira zodula. Mbiri yathu ikukana. Kalekale, m'zaka zoyambirira za m'ma 1930, bungwe la ku London loona za zinenero ndi chikhalidwe cha mu Africa linachititsa mpikisano wolemba m'zinenero za kuno. Mphunzitsi wina wa mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Ntara, analemba m'Chinyanja nkhani ya moyo wa munthu wa kumudzi, Nthondo, ndipo anapata nayo mphoto. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ntara sanalembe za London. Analemba za kubadwa, kukula, ulendo wokafuna ntchito ndi ufumu wa m'mudzi wa Achewa, zinthu zimene ankazidziwa ngati chikhatho chake.

Masiku athu ano, Stanley Onjezani Kenani, amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la alembi la Malawi Writers Union, anafika pa mndandanda wa omaliza wa mphoto ya Caine kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Kwa anansi athu a ku Zambia, Namwali Serpell anapambana mphoto ya Caine yomweyo mu 2015, ndipo Mbozi Haimbe anapambana chigawo cha Africa cha mpikisano wa Commonwealth mu 2019. Dziwani kusiyana kwake: ku Caine amalandira nkhani zosindikizidwa kale, ndipo amatumiza ndi wosindikiza, pamene ku Commonwealth mumatumiza nokha nkhani imene ikadali m'kope. N'chifukwa chake ndikuti khomo la woyamba kumene ndi la Commonwealth.

Tsopano kwa makolo anzanga. Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Tinakula tikuuzidwa kuti nkhani zopeka zimaononga maganizo, ndipo n'zoona kuti Mayi Ellen White anachenjeza kwambiri za mabuku ongotenthetsa mtima, amene amamusiya munthu akulota m'malo mogwira ntchito. Chenjezo limenelo likadali ndi ntchito. Koma kupeka nkhani kuti uonetse choonadi si bodza. Mneneri Natani atapita kwa Davide sanayambe ndi kumuloza chala. Anamuuza za munthu wolemera amene analanda kamwana kankhosa ka wosauka, ndipo Davide anadziweruza yekha asanadziwe kuti nkhaniyo ndi yake. Funso loyenera kumufunsa mwana wanu ndi lakuti nkhani yakeyo ikumusiya wowerenga ali wotani: wachifundo kuposa kale, kapena wongoseka tsoka la anthu? Mukamuletsa osafunsa, alemba mobisa, ndipo mwataya mwayi womuwongolera.

Achinyamata, musavutike kufunafuna nkhani kutali. Oweruza amawerenga nkhani zoposa 6,000 pa chaka m'zaka zaposachedwazi, ndipo ya chipale chofewa yolembedwa ndi munthu amene sanachionepo amaizindikira msanga. Chimene alibe ndi chimene inu muli nacho. Mukudziwa momwe mzere wa zigubu umakhalira pa kiyosiki ya madzi m'mamawa kusanache. Mukudziwa mawu a kondakitala wa minibasi ya Limbe akamakangana ndi mayi wonyamula dengu la masamba. Mukudziwa fungo la mbaula m'nyumba ya chipinda chimodzi m'mwezi wa Juni, ndi mkeka wa woyang'anira wodwala pansi pa bedi ku Gulupu. Munali pano mu Januwale 2023 pamene sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munali pano mu Malichi chaka chomwecho pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Koma apa m'pamene pali dzenje limene ndikufuna tiliyang'ane bwino. Nkhani zimenezi sizinachitikire anthu a m'buku. Zinachitikira mayi amene mumagula naye makala, bambo amene amakhala nanu benchi limodzi pa Sabata, mtsikana amene munali naye mu Pathfinder. M'matauni athu nyumba n'zoyandikana, khoma limodzi mabanja awiri, bafa limodzi mabanja asanu. Mwana wa m'nyumba amamva zambiri. Amamva amayi ake akuchokera ku Dorika akunong'oneza abambo ake za mlongo wina amene wayamba kumwa ma ARV mwamuna wake asakudziwa. Amamva pa pemphero la Lachitatu munthu akupempha kuti amupempherere mwana amene wasokonezeka mutu ndi chamba. Zimenezi zinanenedwa kwa anthu odalirika kuti athandize. Sizinanenedwe kuti zikafike pa intaneti.

Ndipo zikafikadi. Nkhani zopambana pa mpikisano wa Commonwealth zimaikidwa pa intaneti, kumene aliyense angaziwerenge. Mmalawi akangofika pa mndandanda wa omaliza, nyuzipepala zimalemba, ndipo tsiku lomwelo nkhaniyo imakhala ikuzungulira m'magulu a WhatsApp a mpingo, a sukulu ndi a kumudzi. Woweruza wa ku London kapena ku Nairobi sangamudziwe mayi wa m'nkhani yanuyo. Koma Kanjedza yense amudziwa pofika ndime yachiwiri.

Ambiri amaganiza kuti kusintha dzina n'kokwanira. Tiyerekeze kuti mwalemba za mayi wamasiye wogulitsa mandasi pafupi ndi sukulu, wa ana atatu, wotsimphina mwendo wakumanzere, amene mwamuna wake anali dalaivala wa thiraki, ndipo mwaulula kuti ali ndi kachilombo. Mwamupatsa dzina lina, inde. Koma kodi m'dera lanu muli amayi angati otsimphina ogulitsa mandasi pafupi ndi sukulu? Mwangomuvula pagulu. Zotsatira zake ife oyendera odwala timaziona. Munthu akadziwa kuti anthu akumunena, amasiya kupita kuchipatala chapafupi kukatenga mankhwala, poopa kuonedwa pa mzere. Ena amayamba kukatengera kutali, ndipo mwezi umene ndalama ya minibasi yasowa amadumphitsa. Ma ARV ndi omwa tsiku lililonse, ndipo kudumphitsa kumapatsa mpata kachilombo kuti kachuluke ndi kuyamba kupima mphamvu mankhwalawo. Wodwala TB amafunika kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. Manyazi akamudula pakati, matenda amabwerera ali ovuta kuchiza, ndipo a m'nyumba mwake nawonso ali pa chiopsezo. Komanso dziwani kuti lamulo la dziko lino la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi cha munthu pa za momwe magazi ake alili. Kuulula popanda chilolezo chake si nkhani ya ulemu yokha.

Nanga tichite bwanji, poti ndanena kuti tilembe za kwathu? Tibwerere kwa Natani uja. Mlandu weniweni unali wa mfumu, msilikali ndi mkazi wake. Mu nkhani yake munalibe mfumu, munalibe msilikali, munalibe mkazi. Anasunga mtima wa nkhaniyo wokha: wamphamvu kulanda chimodzi chokha chimene wofooka anali nacho. Inunso dzifunseni chimene chakugwirani mtima pa zimene munaonazo. Mwina ndi mantha a mayi amene akubisa botolo la mankhwala m'thumba la ufa. Sungani manthawo, zina zonse musinthe. Akhale bambo m'malo mwa mayi, telala m'malo mwa wogulitsa mandasi, wa ku Zingwangwa m'malo mwa Kanjedza, wa mwana mmodzi m'malo mwa atatu. Chabwino koposa, phatikizani anthu atatu kapena anayi amene munawaonapo kuti atuluke munthu mmodzi amene kulibe. Mudzaona kuti nkhani imayamba kuyenda bwino mukatero, chifukwa simukukoperanso zimene zinachitika, mwayamba kuganiza zimene munthu wanuyo angachite.

Mukamaliza, iyeseni motere. Pezani munthu wamkulu wa m'dera lanu, wodziwa kusunga pakamwa, mumuwerengere, kenako mumufunse funso limodzi: kodi mwamuzindikira aliyense? Akangotchula dzina, kapena akangomwetulira n'kunena kuti “iyi ndi ya uje,” bwererani ku kope. Ngati nkhaniyo singayende popanda munthu weniweniyo, pitani kwa mwini wake, mumuwerengere yonse, mumuuze kuti ikhoza kufika pa foni ya aliyense, ndipo akakana, zathera pomwepo. Musamukakamize ndi lonjezo la kugawana mphoto. Za ana aang'ono, makamaka amene anachitidwa nkhanza, musazitenge n'komwe m'moyo weniweni, chifukwa mwana sangapereke chilolezo pa chinthu chimene chidzamutsatire mpaka atakula. Ndipo musaiwale kuti a m'banja mwanu nawonso ndi anansi. Matenda a amalume anu ndi awo, ngakhale munawasamalira ndinu.

Pali ulemu winanso umene wolemba ayenera kupereka kwa odwala, ndiwo kulemba zoona za matendawo. Nkhani ndi yopeka, koma thupi la munthu silipekedwa. Ngati m'nkhani yanu muli mwana wotsekula m'mimba, dziwani kuti chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo Thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala ndi zimene zimapulumutsa. Ngati muli munthu wakhunyu, musalembe ngati n'zoona kuti matendawa amapatsirana pomukhudza kapena kuti amuike supuni m'kamwa. Munthu wa m'nkhani akhoza kukhulupirira zolakwika, monga anthu enieni amachitira, koma nkhaniyo isamusiye wowerenga akuganiza kuti n'zolondola. Ngati mukulemba za munthu wofuna kudzipha, lembani za chisoni chake ndi za anthu omuzungulira, osafotokoza njira yake, chifukwa pakati pa owerenga pamakhala wina amene ali pa mphepete. Ndipo pewani nkhani yakale ija imene wodwala aliyense ndi wochimwa amene akulandira malipiro ake. Amene tayendera odwala tikudziwa kuti matenda amalowa m'nyumba ya wopemphera ndi ya wosapemphera. Funsani namwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Ambiri amakondwa kuyankha mwana amene akufunsa mwaulemu.

Tsopano za kagwiridwe ka ntchito. Mawu 2,000 mpaka 5,000 ndi pafupifupi masamba 10 mpaka 25 a kope la kusukulu, malinga ndi kalembedwe kanu. Nkhani yaifupi siifuna moyo wonse wa munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Tengani anthu awiri kapena atatu, vuto limodzi, masiku ochepa. Mtsikana amene ayenera kusankha pakati pa kukalemba mayeso ndi kukagona kuchipatala ndi agogo ake ndi nkhani yokwana. Simufunikanso kumaliza ndi phunziro lolembedwa poyera ngati nthano za kusukulu ya pulayimale. Wowerenga akaona yekha zimene zachitika, phunziro amalitola yekha.

Za chinenero, mpikisanowu umalandira Chingerezi ndi zinenero zina zingapo, monga Chiswahili ndi Chipwitikizi, komanso umalandira nkhani zomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chinenero china chilichonse. Ndiye ngati maganizo anu amayenda bwino m'Chichewa, lembani m'Chichewa, kenako mumasulire nokha kapena mupeze wina wokumasulirani, ndipo dzina la womasulirayo mulitchule polembetsa. Ntara uja anadutsa njira yomweyi. Musadzaze nkhani ndi mawu akuluakulu a mu dikishonale pofuna kuopseza oweruza. Chingerezi chosavuta, chonena chinthu chenicheni, chimaposa chokometsera chopanda kanthu m'kati.

Gawani nthawi. Mwezi wa Seputembala ukhale wolemba, theka la ola kapena ola limodzi pa tsiku, makamaka m'mawa mutu usanatope. Sabata yoyamba ya Okutobala isiyeni nkhaniyo igone, osaiyang'ana. Kenako iwerengeni mokweza, ndipo paliponse pamene lilime lapunthwa, konzani. Taipani pa kompyuta kapena pa foni, n'kudzitumizira pa imelo kuti foni ikabedwa kapena ikafa ntchito yanu isafere limodzi. Dzina lanu lisakhale pa nkhaniyo, chifukwa oweruza amawerenga asakudziwa mwini wake. Dzina limapita pa fomu yolembetsera. Tumizani pofika pakati pa Okutobala. Magetsi amathima, netiweki imavuta, bandulo imatha pa nthawi yolakwika. Komanso 1 Novembala nthawi zina imagwa pa Sabata, monga zinachitikira mu 2025, ndipo simukufuna kuti dzuwa la Lachisanu likulowereni muli pa foni mtima uli m'mwamba. Pakadafunda padajiwitsa galu. Monga wa zaumoyo ndionjezepo ichi: musagule nkhani ndi tulo. Kuchezera usiku wonse maso ali pa kagalasi ka foni kumangobala mutu ndi ziganizo zimene mudzazifufuta m'mawa.

Chenjeraninso ndi mipikisano yabodza imene imayenda pa Facebook ndi WhatsApp. Uthenga ukakuuzani kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe, kapena kuti mutumize ndalama pa foni kuti mphoto yanu ituluke, ameneyo ndi wakuba. Ilipo mipikisano ina yoona imene imalipiritsa polowa, koma woyamba kumene alibe chifukwa choyambira kumeneko pamene waulere ulipo. Ndipo nkhani ikhale yanu. Kukopera ya wina, kapena kuuza makina a pa intaneti kuti akulembereni n'kuikapo dzina lanu, ndi kuba kumene tinaphunzira kale kuti n'koletsedwa. Zikadziwika, dzina limaipa kwa zaka zambiri, ndipo dziko la alembi a ku Malawi ndi laling'ono.

Ndinene mosabisa kuti ambiri mwa inu simudzapambana ulendo woyamba. Pa nkhani zikwizikwi zija, zimene zimafika pa mndandanda wa omaliza sizipitirira makumi atatu, ndipo zotsatira zimatuluka patapita miyezi ingapo, cha m'ma Epulo. Musakhale pansi kudikira. Yambani ina. Nkhani imene sinapambane ikadali yanu, ndipo mukhoza kuikonza n'kuitumiza ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimene zimasindikiza nkhani zazifupi, kapena ku mipikisano imene Malawi Writers Union imalengeza. Pitani ku laibulale mukawerenge nkhani za Ken Lipenga ndi Steve Chimombo, ndi mabuku a Chichewa a Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, muone momwe anthu a kwathu konkuno anachitira. Mukhozanso kupangana atatu kapena anayi kuti muziwerengerana Lamlungu masana. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa makolo, gawo lanu ndi laling'ono koma lofunika. Mugulireni kope ndi cholembera. Mupatseni ola limodzi lopanda kumutuma. Akakuwerengerani, mvetserani mpaka kumapeto musanayambe kudzudzula, ndipo inu ndinu oyamba kudziwa ngati wa m'nkhaniyo akufanana kwambiri ndi mayi a kuseri kwa nyumba. Komanso tiyeni ife akuluakulu tisamale zimene timayankhula ana ali pomwepo tikachokera kokaona odwala. Zimene mwana sanamve sangazilembe.

Ndikulakalaka kudzaona dzina la mwana wa ku Machinjiri, ku Chilomoni kapena kuno ku Kanjedza pa mndandanda wa chigawo cha Africa. Tsiku limenelo, nkhaniyo ikamadzayenda m'mafoni athu, anthu adzanene kuti izi n'zathu zenizeni, koma pasadzapezeke ndi mmodzi yemwe woopa kutuluka m'nyumba chifukwa cha iyo. Mwezi wamawa tidzabwerera ku nkhani ya madzi akumwa, popeza mvula yayandikira.